Mfuti yanga yatsopano ikukakamira: ndiibweze kapena ndipirire?

Funso: Zikomo akatswiri. Ndimakhala ku Indiana, m'dziko la America. Mwezi watha ndinagula mwalamulo pisitolo ya 9mm, yatsopano ya m'bokosi, ya mtundu womwe wangotuluka chaka chino. Nditapita nayo kumalo oyeserera kuwombera, inakakamira kanayi pa zipolopolo 150. Kawiri khoko la chipolopolo linapanikizika pakamwa potulukira, kawiri chipolopolo sichinalowe bwino. Wogulitsa akuti ndizingowombera, izolowera. Pa YouTube ndikuonanso nkhani za mfuti zolira zokha zili m'chimake. Kodi mafakitale anasiya kuyesa katundu wawo? Ndiibweze kapena ndipirire?

Yankho: Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuziphatikiza, koma kulemera kwake n'kosiyana. Mfuti yokana kulira mukaifuna imakwiyitsa, ndipo nthawi zambiri imakonzeka ndi kachitsulo ka madola ochepa. Mfuti yolira musanaifune imapha, ndipo imeneyo sitipirira nayo ngakhale tsiku limodzi. Pa zomwe mwafotokozazi, yanu ili m'gulu loyambalo. Tiyambire pomwepo.

Kukakamira kanayi pa zipolopolo 150 n'kochuluka. Munthu asakuuzeni kuti ndi mmene zimakhalira. Ku California kuli lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2001, loti mtundu uliwonse wa mfuti ya m'manja uyambe wayesedwa usanalowe m'masitolo. Amatenga mfuti zitatu za mtunduwo, iliyonse n'kuiwombetsa zipolopolo 600. Pa zipolopolo 20 zoyambirira isakakamire ngakhale kamodzi, ndipo pa 600 zonsezo isapyole kasanu n'kamodzi. Yanuyo ikapitiriza mmene yayambiramu, pofika pa 600 idzakhala itakakamira ka 16. Ndiye kuti mayeso amenewo, omwe si ovuta kwenikweni, ikanalephera. Asilikali a dziko la America pofuna pisitolo yatsopano anaika mlingo wokwera kutalitali: kuti izikakamira kamodzi kokha pa zipolopolo pafupifupi 2,000.

Komabe musathamangire kuloza chala fakitale. Pisitolo ilibe injini. Mphamvu yokhayo yomwe ili nayo ndi ya wonga wa m'chipolopolo chomwe changolira kumene. Mphamvu imeneyo imakankhira m'mbuyo chitsulo cha pamwamba chotsetsereka chija, chomwe timachitcha slide. Slide ikamabwerera m'mbuyo, kachikhadabo kachitsulo kamakoka khoko kuchoka mumpope, khokolo limagunda kachitsulo kena n'kudumphira panja, kenako sipuling'i imabweza slide kutsogolo, iyo n'kutola chipolopolo china pamwamba pa magazini, kabokosi kosungiramo zipolopolo, n'kuchilowetsa. Zonsezi zimatha musanaphethire. Chimodzi chokha chikachedwa pang'ono, mfuti yaima.

Khoko likapanikizika pakamwa, litaima chilili, kawirikawiri ndiye kuti slide sinabwerere m'mbuyo mwamphamvu. Mwina zipolopolo n'zofooka, mwina sipuling'i yatsopano idakali yolimba, mwina mfuti ndi youma, kapena dzanja lanu likugwira mofewa moti mphamvu yomwe ikanakankha slide ikuthera m'mkono. Mwinanso kachikhadabo kaja sikakugwira bwino m'mphepete mwa khoko, ndipo limeneli ndiye vuto la fakitale. Chipolopolo chikamakana kulowa, ine ndimayamba kukayikira magazini ndisanakayikire china chilichonse. Milomo yake ya pamwamba ikapindika pang'ono chabe, moti maso sangaone, chipolopolo chimanyamuka chopendekera n'kukagunda pambali.

Ndiye chitani izi musanaimbire aliyense foni. Phwasulani mfutiyo monga buku lake likunenera, mupukute girisi yomwe inabwera nayo. Girisi imeneyo nthawi zambiri ndi yoteteza dzimbiri m'sitolo, si yowombera nayo. Ikani mafuta pamalo omwe bukulo latchula. Lembani manambala pansi pa mamagazini anu, 1, 2, 3, ndi cholembera chosafufutika. Gulani zipolopolo za mitundu iwiri za makampani odziwika, zina za 115 grain, zina za 124 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), osati zodzaza munthu kunyumba kwake. Mukafika kowombera, mfuti ikakakamira musafulumire kuikonza. Ilozetseni kutsogolo, chala chichoke pa trigger, kachitsulo kokoka kuti mfuti ilire, muijambule chithunzi mmene yakakamiramo, mulembe m'kabuku nambala ya magazini, mtundu wa chipolopolo, komanso ngati chinali choyamba, chapakati kapena chomaliza. Kenako pemphani mlangizi wa pamalopo awombe mamagazini atatu kapena anayi. Vuto likamatsata magazini imodzi, mwaipeza mbala. Likamatsata mtundu umodzi wa zipolopolo, sinthani. Likatha mfuti ili m'manja mwa mlangizi, musakhumudwe, ndi kagwiridwe kanu, ndipo zimenezo zimakonzeka tsiku limodzi. Zinachitikira ngakhale asilikali: poyesa pisitolo yawo yatsopano mu 2017, kukakamira kochuluka kunali koti slide sinatsale chotsegula zipolopolo zitatha, ndipo kunapezeka kuti kwambiri kunkachokera kwa asilikali ochepa omwe chala chawo chachikulu chinkapondereza kachitsulo koimitsa slide. Koma vuto likamatuluka pa magazini iliyonse, pa zipolopolo zonse, m'manja mwa aliyense, ndiye kuti mfutiyo inatuluka m'fakitale ili yolakwika.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Mukamva kulira kofooka, kongoti phu m'malo mwa kulira kwa masiku onse, imani pomwepo. N'kutheka kuti chipolopolo chatsakamira mkati mwa mpope, ndipo mukawombera china pamwamba pake mpope umaphulika m'manja mwanu.

Za wogulitsa uja, sananame kotheratu. Alipo makampani omwe amalemba m'buku kuti mfuti yawo iyambe yawombedwa kaye isanadaliridwe. Kampani ya Kahr, mwachitsanzo, imanena zipolopolo 200. Timizere tatsalira pa makina timasalala zitsulo zikamakhulana, sipuling'i nayo imafewa pang'ono. Koma onani m'buku la mfuti yanu. Ngati mulibe mawu amenewo, "izolowera" ndi mawu a munthu yemwe walandira kale ndalama zanu. Ndipo ngakhale atakhalamo, kuzolowera kwenikweni kumaoneka: kukakamira kumanka kuchepa. Mukafika pa 300 kudakali chimodzimodzi, palibe chikuzolowera, mukungotaya ndalama za zipolopolo.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti kodi mafakitale anasiya kuyesa. Ayi, amayesa. Koma zomwe amayesa si zomwe ogula ambiri amaganiza. Mtundu watsopano ukamapangidwa, mfuti zochepa zoyambirira zimawombedwa zipolopolo masauzande ambiri, amisiri ali pompo kusalaza apa n'kusintha apo. Ukalowa pamzere wopanga zambirimbiri, mfuti iliyonse imangowombedwa zipolopolo zowerengeka, kungoona kuti yalira, n'kulowa m'bokosi. Vuto lotuluka kamodzi pa zipolopolo 40 silingaoneke pamenepo. Wolipeza ndi inuyo.

Ndipo n'zotheka kuti kachitsulo kalikonse kakhale kolondola koma mfuti yonse n'kukhala yolakwika. Palibe makina odula zitsulo ziwiri zofanana ndendende, choncho kachitsulo kalikonse kamapatsidwa malire, kuti kangathe kukula kapena kuchepa pang'ono chotere. Zili ngati kalipentala wina wapala chitseko chokulirapo pang'ono, mnzake wakhoma felemu yocheperapo pang'ono, aliyense sanapyole muyeso womwe anapatsidwa, koma chitseko chikukhula. Mfuti yomwe mwangozi yalandira tizitsulo tonse ta m'mphepete mwa malire imavuta, pamene inzake yotsatana nayo nambala ikuyenda bwinobwino. N'chifukwa chake pa intaneti mumapeza wina akulumbira kuti mtunduwo sukakamira, wina akuutukwana, onse akunena zoona. Onjezerani kuti mipeni ya makina odulira imatha pang'onopang'ono, kuti ng'anjo yolimbitsira zitsulo ikhoza kutentha mopyola kapena moperewera, komanso kuti tizitsulo tambiri ta mkati masiku ano sitidulidwa ayi, timaumbidwa kuchokera ku ufa wachitsulo wosakaniza ndi zomatira, n'kuotchedwa. Njira imeneyi si yoipa, makampani abwino amaigwiritsa ntchito, koma ikalakwika mkati mumatsala kamphako kosaoneka, ndipo kachitsuloko kamadzathyoka tsiku lina mosachenjeza.

Dzina lalikulu silikutetezani ku zimenezi. Glock, yomwe anthu amaitama kuti sikakamira, inatulutsa mtundu wa Gen4 mu 2010, ndipo pofika Seputembala 2011 inali ikusinthira anthu masipuling'i obwezera slide mwaulere. Smith & Wesson mu Novembala 2020 inaitanitsa mfuti za M&P Shield EZ zopangidwa kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Okutobala chaka chomwecho, itapeza mfuti ziwiri zomwe nyundo zake zogogoda kuti mfuti ilire, zogulidwa kwa kampani ina, zinali zong'aluka, moti mfuti ikanatha kulira potseka slide. Chaka chimenecho n'chomwe anthu a ku America anagula mfuti zochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, pafupifupi 21 miliyoni, mafakitale akuthamanga usana ndi usiku. Komanso musakhulupirire achikulire a kowombera akamati kale zinthu zinali bwino. Beretta M9, yomwe asilikali anaisankha mu 1985, inayamba kuthyoka slide cha m'ma 1987 ndi 1988, chidutswa cha kumbuyo n'kumamenya wowombera kumaso. Kampani inaloza zipolopolo zamphamvu mopyola, asilikali analoza chitsulo. Pamapeto pake anakulitsa mutu wa kamsomali kena kuti kazigwira chidutswacho chikathyoka, ndipo ndi mmene mtundu wa 92FS unabadwira.

Nkhani yomwe ikufanana kwambiri ndi yanu ndi ya Remington R51. Kampaniyi inali yakale kwambiri pa makampani a mfuti ku America, ndipo kumayambiriro kwa 2014 inalengeza pisitolo yaing'ono ya 9mm yotengera luso la John Pedersen, yemwe anapanga Model 51 ya mu 1918. Olemba nkhani za mfuti omwe anaitanidwa kukayesa zoyambirira anabwerako akuitamanda. Zitafika m'masitolo, zinali zina. Zinkakana kulowetsa chipolopolo, zinkakana kutulutsa khoko, slide inkalimba, ena ankapeza makoko otupa. Mu Julayi chaka chomwecho Remington inaimitsa kupanga, n'kuvomera kuti mavutowo anabwera pochoka pa mfuti zoyesera kupita pa kupanga zambirimbiri. Inalonjeza kuti iyambiranso mu Okutobala. Ogula anadikira mpaka Ogasiti 2016, mfutiyo ikupangidwa tsopano ku Huntsville, ku Alabama, koma mbiri inali itaipa kale. Kampaniyo inagwa mu 2018, n'kugwanso mu 2020.

Si nkhani zonse zomwe zimatha choncho. SIG P365 inatuluka mu Januwale 2018, ndipo ogula oyambirira anadandaula za timisomali togogodera chipolopolo tothyoka ndi slide yosatseka bwino. Kampani inasintha tizitsulo mwakachetechete pamzere wopangira, ndipo lero ndi imodzi mwa mapisitolo ogulidwa kwambiri m'dzikolo. Wogula mu 2020 anapeza mfuti yabwino. Wogula mu mwezi woyamba ndiye analipira ndalama zake kuti akhale woyesa wa kampani. Apa ndi pamene ndimaima ine: mfuti yoti mudalire moyo wanu isakhale ya mtundu wa chaka choyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chimodzi kapena ziwiri zikapita, zolakwika zimakhala zitatuluka, ndipo mtengo nawo umakhala utatsika. Inu mwagula kale, ndiye mfundoyi isungeni podzagula ina.

Pali chinanso chomwe ambiri obwera kumene ku America sachidziwa. Galimoto ikakhala ndi vuto loopsa, boma likhoza kukakamiza kampani kuiitanitsa. Chimodzimodzi kabedi ka mwana kapena ketulo yamagetsi, kudzera ku bungwe la Consumer Product Safety Commission lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Koma mfuti zinasiyidwa kunja kwa lamulo limenelo, ndipo mu 1976 aphungu anamanganso mfundo yoletseratu bungwelo kukhudza mfuti ndi zipolopolo. Bungwe la boma loona za mfuti, la ATF, limayang'ana za malaisensi ndi za yemwe akugulitsa kapena kugula, osati ngati mfuti yapangidwa bwino. Choncho kuitanitsa mfuti kulikonse komwe mwamvapo, kampani inachita mwa kufuna kwake, kapena poopa milandu ndi manyazi. Miyeso yomwe ilipo ndi ya SAAMI, bungwe la opanga mfuti eniake lomwe linayamba mu 1926, ndipo kuitsatira n'kufuna kwa kampani.

Ku Ulaya n'kosiyana pang'ono. Mayiko 14 a m'bungwe la C.I.P., lomwe linayamba mu 1914, monga Germany, Italy, Belgium, Austria ndi Britain, amafuna kuti mfuti iliyonse ipite kunyumba yoyesera, iwombedwe ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zamasiku onse, pa mfuti za m'manja pafupifupi 30 peresenti kuposa, kenako idindidwe chizindikiro pa chitsulo. Nyumba ya ku Birmingham yakhala ikuchita zimenezi kuyambira mu 1813. Koma chidindocho chimangotsimikiza kuti mpope sungakuphulikireni. Sichinena kanthu za kukakamira, kapena za chomwe chingachitike mfuti ikagwa pansi.

Tafika pa mfuti zolira zokha. Si mphekesera za pa YouTube chabe, mbiri yake ndi yaitali. Ruger inaitanitsa SR9 mu Epulo 2008 chifukwa ikanatha kulira ikagwa loko wake woletsa kulira ali wotsegula, n'kuitanitsanso LCP chaka chomwecho. Springfield Armory inaitanitsa XD-S, yopangidwa ku Croatia, mu Ogasiti 2013, chifukwa ikanatha kulira polowetsa chipolopolo kapena kulira kawiri trigger itakokedwa kamodzi. Mu 2013 momwemo apolisi a ku São Paulo, ku Brazil, anachotsa m'manja mwa anthu awo mapisitolo a Taurus 24/7 okwana 98,000, ndipo ku America kampaniyo inagwirizana kunja kwa khoti pa mlandu wokhudza mapisitolo pafupifupi miliyoni imodzi a mitundu isanu ndi inayi, ngakhale sinavomere kulakwa. Abale a ku Joni akhoza kukumbukira Vektor CP1, pisitolo yosalala yokongola ya kampani ya boma ya Denel yomwe inatuluka mu 1996. Mu 2000 inaitanitsidwa chifukwa ikanatha kulira ikagundidwa kapena kugwa, ndipo posakhalitsa analeka kuipanga.

Koma yomwe mukuiona kwambiri m'mavidiyo ndi SIG Sauer P320, ndipo iyi ndiyofunika kuifotokoza mosamala, chifukwa muli nkhani ziwiri zosiyana. Inatuluka mu 2014. Mu Januwale 2017 inapambana mpikisano wolowa m'malo mwa Beretta ija kwa asilikali, pa mgwirizano wofika madola 580 miliyoni, n'kupatsidwa mayina a M17 ndi M18. Mu Ogasiti chaka chomwecho sitolo ina ya ku Texas, Omaha Outdoors, inatulutsa vidiyo yoonetsa kuti mfutiyo ikagwa chagada, kamwa litaloza m'mwamba mopendekera, kumbuyo kwa slide n'kugunda pansi, imalira. Chinkachitika n'choti mfuti ikaima mwadzidzidzi pogunda pansi, trigger, yomwe inali yolemerako, inkapitirirabe ulendo wake wa m'mbuyo ngati yakokedwa ndi chala. Mapisitolo a Glock ndi ena ambiri ali ndi kalilime pakati pa trigger koletsa zimenezi. P320 wamba inalibe. Chodabwitsa n'chakuti mfutiyi inali itapambana mayeso ogwetsa omwe makampani amatsatira. Mayeso a SAAMI amagwetsa mfuti kuchoka pa mtunda wa mita imodzi ndi masentimita 22, pa mphira, m'mbali zisanu ndi imodzi zoikika: kamwa pansi, kamwa m'mwamba, cham'mbali ndi zina zotero. Kupendekera komwe kunkailiza sikunali pa mndandandawo. Mfuti yopulumuka m'manja mwa munthu sisankha mbali yogwera.

Apolisi a ku Dallas anayamba aimitsa kuigwiritsa ntchito. SIG inalengeza kuti aliyense wofuna atumize yake akaiikire trigger yopepuka ndi tizitsulo tina tatsopano, mwaulere. Sinalengeze kuti mfuti zonse zibwezedwe chifukwa n'zoopsa, inati ndi kukonza kongofuna mwini, ndipo anthu ambiri atamva choncho sanatumize. Mpaka lero zilipo zosakonzedwa m'misika ya mfuti zogwiritsidwapo kale ntchito. Wina akakutsatsani P320 yakale, funsani zimenezi poyamba.

Nkhani yachiwiri ndiyomwe ikadali mkangano. Anthu, ambiri mwa iwo apolisi, akhala akunena kuti P320, ngakhale yokonzedwa, inalira ili m'chimake popanda woikhudza. Mu Epulo 2023 nyuzipepala ya The Washington Post pamodzi ndi The Trace analemba kuti anthu oposa 100 ananena zotere, ndipo osachepera 80 anavulala. Apolisi a ku Milwaukee anaisiya mu 2022 n'kutenga Glock. Mu Juni 2024 khoti la ku Georgia linagamula kuti munthu wina apatsidwe madola 2.35 miliyoni, ndipo mu Novembala chaka chomwecho la ku Philadelphia linagamula madola 11 miliyoni, ngakhale kampani inapitiriza kulimbana ndi zigamulozo. Milandu ina SIG inapambana kapena inathetsedwa. Kampaniyo imanenetsa kuti mfutiyo singalire trigger isanasunthe. Odandaula amati kamsomali kake kogogodera kamakhala kokungika kotheratu nthawi zonse, trigger ndi yofewa ya ulendo waufupi, ndipo pa mitundu yambiri yogulitsidwa kwa anthu wamba palibe loko wakunja, choncho kanthu kakang'ono kakalakwika palibe chotchinga china.

Chenjerani ndi kuweruza msanga pa nkhani zimenezi. Mu Julayi 2025 msilikali wa ndege anafa ndi M18 pa kampu ya F.E. Warren ku Wyoming. Intaneti yonse inagamula tsiku lomwelo kuti mfuti yalira yokha, ndipo akuluakulu a gulu lake anaimitsa kuigwiritsa ntchito kuti aunike zonse. Patangopita masabata ochepa msilikali mnzake anamangidwa pomuganizira kuti ananama komanso kuti anapha mnzake mosafuna, ndipo mfutizo zinabwerera pa ntchito mu Ogasiti. Pa mfuti pafupifupi 8,000 zomwe anaunika, zosakwana 200 zinapezeka ndi tizitsulo tofunika kukonza, makamaka totha ndi ntchito. Ngozi zambiri za m'chimake, pa mtundu uliwonse wa mfuti, zimachitika chifukwa nsonga ya malaya, chingwe cha jekete kapena chikopa chofota cha chimake chomwecho chalowa pa trigger pobwezera mfuti. Maganizo anga ndi awa: mfuti yomwe nsonga ya malaya ingathe kuiliza mosavuta ili ndi mpata wochepa wokhululukira munthu, ndipo munthu wongoyamba kumene ngati inu ndi bwino asankhe yokhala ndi loko wa chala chachikulu kapena kalilime pa trigger, ndi chimake cholimba chopangidwira mtundu womwewo, chophimba trigger yonse. Chimake chansalu cha "chilichonse chilowa" chitayeni.

Pa yanuyo, zizindikiro zoti muime osawomberanso ndi izi: ikalira kawiri mutakoka kamodzi, ikalira potseka slide, makoko akamatuluka otupa kapena ong'aluka cha kumbuyo, kapena mukaona mng'alu pa chitsulo chilichonse. Zikatero chotsani zipolopolo zonse, itsekereni mu sefa, muimbire kampani.

Ngati ndi kukakamira chabe ndipo mayeso aja aloza mfutiyo, musabwerere kwa wogulitsa mukuyembekezera ndalama zanu. Masitolo ambiri a mfuti salandiranso mfuti mapepala akasainidwa, amakutumizani kwa opanga. Yambani ndi kulowa pa tsamba la kampaniyo, mufufuze ngati nambala ya mfuti yanu ili pa mndandanda wa zoitanitsidwa, ndipo mulembetse dzina lanu kuti chidziwitso chikadzatuluka chikupezeni, poti palibe ofesi ya boma yomwe idzakulembereni kalata. Kenako alembereni imelo, osangoimba foni, kuti pakhale umboni. Ikanimo zithunzi zija ndi zomwe munalemba m'kabuku, mupemphe nambala ya dandaulo lanu ndi pepala lotumizira lolipiridwa kale. Tsatirani ndendende mmene akuuzirani kutumiza, chifukwa malamulo otumiza mfuti ya m'manja ndi okhwima. Tumizani pamodzi ndi mamagazini omwe anabwera nayo, popanda chipolopolo ngakhale chimodzi m'bokosimo. Pakadali pano musaipale ndi tupa, musapukute polowera chipolopolo ndi makina, musaike trigger ya kampani ina ngakhale mnzanu akulimbikitseni bwanji. Mukatero mwawapatsa chifukwa chokanira waranti, komanso mukhoza kuisandutsa ya gulu lachiwiri lija.

Ikabwerako, werengani kapepala kofotokoza zomwe asintha. Akangolemba kuti aiyesa ndipo ilibe vuto, afunseni kuti anawomba zipolopolo zingati komanso za mtundu wanji. Yambiraninso kuwerenga kuchokera pa ziro: zipolopolo 200 kapena 300 zophunzirira, ndi mabokosi awiri a zipolopolo zenizeni zomwe muzidzasungamo, chifukwa za mphuno yamphako zimalowa mosiyana ndi zozungulira ndipo mfuti ina imadya izi n'kukana izo. Ikadutsa popanda kukakamira, mukhoza kuidalira. Ikalepheranso, lembani kalata yachiwiri yopempha mfuti ina kapena ndalama zanu, mutchulemo nambala ya dandaulo loyamba lija. Akakupatsani ina, dziwani kuti idzakhala ndi nambala yatsopano, choncho kawirikawiri idzadzera kwa wogulitsa wa laisensi ndipo mudzalembanso mapepala monga munachitira poyamba.